Kuwerenga Madontho

Usiku wachitatu ku Gulupu, m'chipinda cha odwala mwakayakaya.
Pabedi lachinayi pagona Mayi Nachisale a ku Mbayani,
amene zaka khumi ndi ziwiri akhala pakiyosiki
kutsegulira anthu mpopi, ndowa ndi ndowa,
ngongole za madzi akulemba kuseri kwa kalendala.
Lero thupi lawo ndilo lili m'ngongole.

Ndatsina khungu kuseri kwa dzanja,
latsala chiimire, lakana kubwerera.
Lilime lauma gwa, maso alowa m'kati,
mtsempha ukuthamanga koma ndi wowonda ngati ulusi.

Ntchito yanga usiku uno ndi masamu.
Zolowa: malita awiri ndi theka chiyambire madzulo.
Zotuluka: masanzi, za m'mimba,
thukuta limene sindingathe kuliyeza,
ndi mkodzo m'thumba lolendewera m'mbali mwa bedi,
mamililita khumi ndi asanu pa ola,
wakuda ngati tiyi wogonera.
Ndimagwada kuti mzere ulingane ndi diso.
Kusukulu sanandiuze kuti ndidzagwadira mkodzo
n'kumaupempha kuti uchuluke.

Mwana wawo Esinala waima pakhomo,
botolo la thobwa walifunditsa chitenje.
"Anesi, milomo yawo yang'ambika. Pang'ono pokha."
Ndati ayi, sangathe kumeza, angatsamwe.
Wandiyang'ana ngati ndine amene ndimatseka mipopi ya mzinda uno.
Ndam'patsa thonje lonyowa:
pukuta milomo yokha, mchemwali, milomo yokha.

Wani koloko, pepala lafika kuchokera ku labu.
Potaziyamu watsika.
N'chifukwa chake mzere wobiriwira pamakina ukupunthwa.
Mchere umenewu sufuna phuma:
ukachepa mtima umadzandira,
ukauthira mothamanga mtima umaima nji.
Dokotala Chimwaza walemba,
Sisitala Mpinganjira wawerenga nane kawiri,
ndausakaniza m'diripi, ndagwedeza, ndamata dzina ndi nthawi.

Kenako magetsi thi!
Jenereta yatsokomola, yakana, yatsokomolanso.
Pampu yalira kamodzi n'kukhala chete.
Ndatsala ndi tochi ya foni, wotchi yapachifuwa
ndi kagudumu ka diripi pansi pa chala.
Dontho. Dontho. Dontho.
Makumi awiri pa mphindi, osapitirira.
Ndikaphethira ndiyambiranso.
Magetsi abwera ndili chiwerengere.

Cha m'ma folo kapumidwe kasintha.
Ndatchera khutu pachifuwa:
kumunsi kwa mapapo kukuthetheka ngati mchere pamoto.
Madzi omwe ndinawaitana ndekha
ayamba kulowa m'zipinda zomwe sanawauze,
monga uchitira Mudi mu Febuluwale.
Ndachepetsa diripi, ndakweza kumutu kwa bedi,
ndaonjezera mpweya, ndadzutsa dokotala
amene anangotsamira khoma nsapato zili kuphazi.
Dzulo lomweli tinkalimbana ndi chilala,
tsopano tikuopa chigumula,
m'thupi limodzi lomweli la makilo makumi asanu.

Kunja maminibasi ayamba kuitanira a ku Limbe.
Ndagwadanso.
Makumi anayi! Ndipo wayera, wafanana ndi udzu wouma.
Ndalemba nambalayo pang'onopang'ono
ngati ndikusayinira malipiro.

Mayi Nachisale atsegula maso,
ayang'ana botolo lili pamwamba pawo, ayang'ana ine,
kenako mwana wawo, mawu ali m'munsi mwa khosi:
"Esinala, makiyi a kiyosiki wasiyira ndani?"
Mtsikanayo waseka, walira, thobwa lija akadali nalo.

Seveni koloko ndapereka lipoti:
potaziyamu ayezenso teni isanakwane,
mapapo muziwamvetsera ola lililonse,
thumba musalitaye musanalembe.
Potsika masitepe mutu wandiwawa.
Ndakumbuka kuti chilowereni dzuwa
sindinamwe ngakhale kapu imodzi,
ndipo kwathu ku Chilobwe mpopi unauma Lachiwiri.